Nyumba yosatentha: tiyerekeze makoma, madenga ndi makonde musanakumbe maziko

Nyumba zambiri zimene zikumangidwa m'mapuloti atsopano ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zikufanana ngati ana a mimba imodzi: khoma lotalika lobisa denga, magalasi aakulu oyang'ana kumsewu, malata akuda, khonde kulibe. Pachithunzi n'zokongola ndithu, ndipo pulani yake munthu amangoitola pa Facebook n'kukapatsa bilidala. Koma kalowenimo mwezi wa Okutobala cha m'ma 3 koloko masana. Makatani onse ndi otseka, fani ikupukusa mpweya wotentha, ndipo magetsi akangothima banja lonse limatuluka kukasaka mthunzi panja.

Zimandiwawa chifukwa munthu amamanga kamodzi, ndi ndalama zimene wasunga zaka zambiri, mwina zotumizidwa kuchokera ku Johannesburg ndi m'bale amene akugona movutika kuti kwawo kukhale nyumba. Anthu tikamakambirana zomanga timathera nthawi yonse pa funso lakuti njerwa kapena mabuloko. Funsoli ndi lofunika, ndipo tilifika, koma chimene chimalamula kuti m'nyumba mukhale mokhalika ndi denga, mthunzi wa pamakoma, ndi kumene nyumbayo yayang'ana.

Dzuwa pa puloti yanu

Ichi n'chaulere, tiyambe nacho. Dziko la Malawi lili kummwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chopendekera kumpoto. Chakumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala limadutsa paliwombo penipeni, mu Disembala limapendekera pang'ono kummwera, kenako mu Febuluwale limabwereranso pamutu. Khoma loyang'ana kumpoto ndi loyang'ana kummwera savuta kuwateteza: denga likatuluka pang'ono, dzuwa la masana la nyengo yotentha siliwakhudza, pomwe dzuwa lotsika la mu Juni limalowabe pawindo la kumpoto n'kufunditsa chipinda nthawi imene mukulifunadi.

Makoma ovuta ndi a kummawa ndi kumadzulo, makamaka a kumadzulo. Dzuwa la madzulo limabwera chammbali, ndipo ngakhale denga lituluke bwanji, limalowa pansi pake. Nyumba yabwino imagona chotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo, kuti makoma aafupi ndiwo ayang'ane kotulukira ndi kolowera dzuwa. Kumadzuloko ikaniko galaja, bafa, sitolo kapena masitepe, osati chipinda chogona. Ambiri timayang'anitsa nyumba kumsewu basi, ngakhale msewuwo uli kumadzulo. Geti liyang'ane kumsewu, palibe vuto, koma mawindo aakulu safunika kulitsatira.

Makoma: njira zinayi

Njerwa zootcha ndiye zimene tinazolowera. Mmisiri aliyense amazidziwa, zimaumbidwa pafupi, ndipo ngati zapsa bwino zimakhala zaka zosawerengeka. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa konko, ndipo chilipobe. Khoma la njerwa ziwiri, lija la mainchesi 9, limachedwetsa kutentha kulowa m'nyumba. Vuto n'lakuti njerwa za mu uvuni wa kumudzi sizipsa mofanana. Zapafupi ndi moto zimapserera n'kupindika, zam'mbali zimatsala zosapsa, zimafumbutuka mukazikanda ndi chikhadabo. Kukula kwake nakonso n'kosiyana, ndiye bilidala amakonza mzere ndi matope a simenti ochindikala, kenako pulasitala wochindikala, ndipo kutchipa kuja kumathera m'matumba a simenti. Pamwamba pa izi pali nkhuni. Uvuni umodzi umadya mitengo yachilengedwe yaikuluikulu, ndipo n'chifukwa chake bungwe loona za zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda. Amene anaona phiri la Ndirande kapena la Soche kale ndi lero safunika kumuuza zambiri.

Mabuloko a simenti ndiwo alowa m'malo m'tauni. Amakwera msanga, mizere imawongoka, matope amalowa ochepa. Amapiriranso chinyezi kuposa dothi. Koma pa nkhani ya kutentha sachita bwino monga ambiri amaganizira. Buloko la mamilimita 150 lokhala ndi mabowo, dzuwa likaliwomba masana onse, limatenthedwa msanga n'kupereka kutenthako m'kati madzulo. Komanso msika wadzaza mabuloko onyengezera: thumba limodzi la simenti kulitambasula mopitirira, kuwaumitsa padzuwa osawathirira madzi, mawa lake n'kugulitsa. Buloko labwino limafunika kuthiriridwa kwa sabata kapena kuposerapo ndipo limafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Pogula, nyamulani limodzi kufika m'chiuno n'kulisiya ligwe pa dothi louma. Likamwazika, bwererani ndi ndalama zanu.

Njira yachitatu ndi njerwa zadothi zopanikizidwa ndi makina, zimene amisiri amazitchula kuti ma SSB. Dothi losefa amalisakaniza ndi simenti pang'ono, kawirikawiri magawo 5 mpaka 8 pa 100 aliwonse, n'kulidinda mwamphamvu m'makina a dzanja kapena a injini. Siziotchedwa, zimaumira pamthunzi zitafunditsidwa pepala la pulasitiki kwa masabata angapo. Zina zimakhala ndi mano olumana kotero kuti matope amalowa ochepa kwambiri. Ine ndimazikonda kuposa zonse, ndipo sindibisa. Khoma lake ndi lolemera, limasunga kuzizira kwa usiku mpaka masana, ndipo mtundu wake wofiirira wa katondo sufuna pulasitala kapena penti. Wofuna kuona ndi maso apite kuchipatala cha boma ku Kasungu, kumene kuli nyumba zodikirirako amayi oyembekezera zimene anajambula a MASS Design Group, zomalizidwa mu 2015. Makoma ake ndi a njerwa zoterezi, madenga ake ndi otuluka kwambiri, ndipo pakati pa nyumba ndi nyumba pali malo a mthunzi pomwe amayi amakhala, kuphika ndi kucheza. Koma ma SSB ali ndi zofuna zake. Si dothi lililonse: makande aja amene amang'ambika m'chilimwe sayenera, dothi limafunika likhale ndi mchenga wokwanira. Amisiri odziwa kuwaumba ndi kuwamanga ndi ochepa, ndipo wosadziwa akachepetsa simenti kapena kuwaumitsa padzuwa, makona ake amayamba kugumuka mvula yoyamba.

Yachinayi ndi ya makolo: zidina ndi mdindo. Mdindo ndi dothi lonyowa pang'ono lotsiridwa m'chikombole cha matabwa n'kusinjidwa mpaka kulimba, mzere ndi mzere. Anthu ambiri amaziona ngati chizindikiro cha umphawi, pomwe ku Australia ndi ku South Africa anthu opeza bwino akumanga nyumba zapamwamba za mdindo, n'kumanyadira mizere ya dothi yooneka pakhoma. Pa kuzizira palibe khoma loposa limeneli, ndipo mtengo wake ndi thukuta lanu. Mdani wake ndi madzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, monganso Idai mu 2019, anagwetsa nyumba zambiri za zidina chifukwa madzi anakhala m'tsinde mwa khoma masiku angapo, dothi n'kusungunuka kuyambira pansi. Ngati mwasankha njira iyi, maziko ndi mizere yoyamba, mpaka kufika m'mawondo, ikhale ya miyala kapena njerwa zootcha zomangidwa ndi simenti, pakhale pepala lakuda lotchinga chinyezi, ndipo denga lituluke mokwanira kuti mvula isamenye khoma. M'dera losefukira madzi musayese n'komwe.

Khoma lililonse mwa anayiwa limafuna lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, uja amati ring beam. Tili m'chigwa cha zivomezi. Ku Salima kunagwedezeka mu 1989, ku Karonga mu Disembala 2009. Bilidala akakuuzani kuti tingoika kalintala pamwamba pa chitseko ndi windo basi kuti tisunge ndalama, mukaneni.

Denga ndiye mwini nkhani

M'nyumba yopanda chipinda chapamwamba, kutentha kochuluka kumalowera kudenga. Dzuwa la Okutobala lili pamutu, malata akulilandira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Apa ndiye pofunika kukhalitsa.

Tiyambe ndi denga lobisika, lija lili m'fasho. Khoma limakwera kupitirira denga, malata amagona pafupifupi chafulati kuseri kwake, madzi amatsikira mu ngalande yobisika. Ubwino wake ulipo: matabwa ndi malata amalowa ochepa, ndipo mphepo sipeza pogwira. Koma taonani zimene mwataya. Makoma onse ali pamtetete, dzuwa likuwawomba kuyambira pamwamba mpaka pansi, mvula ikuwamenya, penti akusuwa chaka chilichonse. Mpata wa pakati pa malata ndi siling'i ndi wochepa ndiponso wotsekeka, mpweya wotentha ulibe kotulukira. Ndiye ngalande ija: masamba akangoitseka, mvula yamkuntho ya mu Januwale imadzaza madzi n'kubwerera m'kati, siling'i n'kuyamba mabala achikasu. Mamangidwe amenewa amayenera kumaiko kumene mvula ndi yochepa. Kwa ife amene mvula ya chaka chonse imagwa m'miyezi isanu, ndi kudziputira mavuto.

Denga la mapiko awiri, la gebulo, ndi losavuta ndi lotchipa, ndipo lili ndi mwayi umodzi waukulu: pamakoma a nsonga aja mungasiye mabowo a mpweya mbali zonse ziwiri kuti mphepo idutse pamwamba pa siling'i n'kuchotsa kutentha. Kufooka kwake ndi mphepo yamkuntho, imene imakankha khoma la nsongalo ndi kusasula malata kuyambira m'mphepete. Denga la mapiko anayi limadya matabwa ambiri ndi malata odulidwadulidwa, koma limapirira mphepo kuchokera mbali iliyonse ndipo limapereka mthunzi kumakoma onse anayi. Kumene kumawomba mwera wamphamvu, m'mbali mwa nyanja, ine ndingasankhe limeneli, n'kusiya potulukira mpweya pamsonga.

Pali njira ina imene sinafale kwathu koma ndi yofunika kuiganizira: denga la pawiri. Francis Kéré, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso, amene mu 2022 analandira Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri a ntchitoyi padziko lonse, anamanga sukulu ya pulayimale kwawo ku Gando mu 2001. Makalasi anawaphimba ndi siling'i ya njerwa zadothi, kenako malata anawakweza pamwamba pa zitsulo, motalikirana ndi siling'iyo, mbali zonse n'kusiya potseguka. Malata amatentha, inde, koma mphepo imadutsa pansi pake n'kutenga kutenthako kusanafike kwa ana. Kumeneko kumatentha ngati ku Nsanje. Nzeru yomweyi imatheka panyumba yokhalamo, bola zitsulo zikhale zowotcheredwa bwino ndi kumangiriridwa ku ring beam, chifukwa denga lotseguka chotere mphepo imalinyamula ngati lamangidwa mwachibwana.

Tsopano chofolera. Malata si mdani. Glenn Murcutt, katswiri wina wojambula nyumba wa ku Australia, watchuka dziko lonse ndi nyumba za malata, mpaka kulandira Pritzker mu 2002. Chinsinsi chake ndi mthunzi ndi mpweya woyenda. Chimene chimapha ndi mtundu ndi kusowa chotchinga. Malata akuda, a buluu woderapo kapena obiriwira kwambiri amamwa dzuwa, pomwe oyera kapena otuwa amalibweza. Mtengo ndi umodzimodzi, kusiyana kwake mukumva ndi thupi. Pansi pa malata yalani pepala lonyezimira lija amati sisalation, mbali yowala iyang'ane kumene kuli mpata wa mpweya, ndipo ngati thumba likulola, pamwamba pa siling'i yalaninso chofunda chotchinga kutentha. Gulani malata ochindikala, a geji 28. A geji 32 ndi opyapyala, amabooka pamisomali ndipo sachedwa dzimbiri.

Matayilosi a konkire kapena adothi sasokosa mvula ikamagwa ndipo satentha msanga ngati malata, koma ndi olemera, amafuna matabwa ambiri ndi makoma olimba. Udzu ndiye wozizira kuposa zonse, n'chifukwa chake malo ogona alendo ku Mangochi, Cape Maclear ndi Nkhata Bay amaukonda. Koma udzu umene umakhalitsa ndi wopesedwa, womangidwa mochindikala padenga lotsetsereka madigiri 45 kapena kuposerapo, ndi mmisiri wodziwa. Umenewo si wotchipa, ndipo mantha a moto ndi enieni, makamaka m'tauni mmene nyumba zathithikana. Ine ndingaufolere pachisakasa chochezera panja, nyumba yaikulu n'kuisiyira malata oyera.

Chinthu chimodzi chokomera malata ndi matayilosi: madzi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 ku Lilongwe, kumene mvula imafika mamilimita 800 kapena kuposerapo pachaka, limalandira malita osachepera 80,000. Ambiri timangowasiya akukumba ngalande m'tsinde mwa nyumba.

Khonde, mawindo ndi udzudzu

Khonde silinabwere ndi azungu, ngakhale nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ili nalo lozungulira. Nyumba ya agogo kumudzi inali nalo kale, lozira bwino, pomwe ankasendera mtedza ndi kulandirira alendo, ndipo ntchito yake ina inali kuteteza khoma ladothi ku mvula. Masiku ano talichepetsa mpaka kakhonde kongokwana mpando umodzi ndi mizati iwiri yokongoletsa. Khonde lenileni, lotambalala mamita awiri kapena kuposa, ndi chipinda chotchipa kuposa zonse m'nyumba: lilibe makoma, lilibe mawindo, koma ndi pamene banja limathera tsiku. Mbali zimene kulibe khonde, denga lituluke masentimita 60 mpaka mita imodzi. Langizo limodzi la kumadera a mphepo: denga la khonde likhale lapadera, lolumikizidwa kukhoma pansi pa denga lalikulu, kuti mphepo ikalisasula isatenge ndi denga la nyumba yonse.

Pa mawindo, funso si kukula koma kutseguka. Windo la aluminiyamu lotsetsereka limaoneka laudongo, koma limatseguka theka lokha, theka linalo ndi galasi longolowetsa dzuwa. Mawindo otsegukira kunja amatseguka onse ndipo amakola mphepo yodutsa chammbali. Ma louvre, amene ambiri akuwanyoza kuti ndi achikale, amatseguka pafupifupi onse ndipo mungawasiye otsegula mvula ikugwa. Zofooka zake ndi fumbi, kuzizira kwa mu Juni kumapiri, ndi akuba amene amasolola magalasi, choncho amafuna zitsulo zolimba. Chipinda chilichonse chikhale ndi potsegula mbali ziwiri, kuti mpweya ulowe uku n'kutulukira uko. Nyumba yopyapyala, ya chipinda chimodzi kapena ziwiri m'lifupi, imapuma bwino kuposa yachibulunga yokhala ndi kakhwalala kamdima pakati. Kamdimako kamayatsitsa magetsi masana, pomwe kawindo kakang'ono pamwamba pa zitseko za zipinda kakanabweretsa kuwala ndi mpweya womwe.

Koma pali msampha. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Mukatsegula nyumba kuti muzizizira, mwautsegulira nawonso. Kutseka zonse si yankho, chifukwa m'nyumba mukatentha anthu amataya neti kapena kukagona panja. Bowo lililonse la mpweya, windo lililonse ndi mpata wa kudenga zikhale ndi waya wa sefa. Wayayu amachepetsa mphepo yolowa, ndiye potsegulapo pakhale pokulirapo kuposa mmene mukanapangira.

Mpanda nawo umalowerera. Khoma la njerwa lotalika mamita awiri ndi theka, lomangidwa pafupi ndi mawindo, limapha mphepo yonse, ndipo bwalo lothiridwa konkire kapena mapeving'i paliponse limasunga kutentha n'kumakubwezerani usiku. Siyani kapinga, siyani dothi lomwa madzi.

Malo ndi malo

Ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, monga ku Salima, Mangochi ndi Karonga, usiku sukuzizira kwenikweni m'nyengo yotentha, ndipo ku Chigwa cha Shire masana amapitirira madigiri 40. Kumeneko khoma lolemera limathandiza pokhapokha lili pamthunzi tsiku lonse. Likawombedwa ndi dzuwa limasanduka chosungira moto wa usiku. Ndalama zipite ku denga loyera lokwezeka, khonde lozungulira, mawindo ambiri a sefa, siling'i yotalika mamita atatu, ndi chiunda chokwera kuti madzi osefukira asalowe. Mizere yapansi ikhale ya mabuloko kapena njerwa zootcha. Mitengo ya nimu, imene imapirira kumeneko, ibzalidwe kumadzulo.

Ku Lilongwe, Kasungu, Mchinji ndi Mzimba masana kumatentha koma usiku kumazizira, ndipo apa ndi pamene ma SSB ndi mdindo amaonetsa mphamvu zake zonse. Mumatsegula mawindo usiku, makoma amamwa kuzizira, m'mawa mumatseka mbali ya dzuwa, ndipo masana m'nyumba mumakhala bwino popanda fani.

Ku Dedza, Ntcheu, Mzuzu, Thyolo ndi Mulanje nkhani imatembenuka. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi anthu amagona ndi mbaula m'nyumba, chinthu choopsa chifukwa utsi wa makala umapha mwakachetechete m'chipinda chotseka. Kumeneko mawindo aakulu ayang'ane kumpoto, khonde la kumpoto lisatambalale kwambiri mpaka kutchinga dzuwa la m'nyengo yozizira, ndipo siling'i yokhala ndi chofunda ndi yofunika kuposa china chilichonse. Kumwera chakummawa, kumene kumachokera chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, mawindo achepe ndipo khoma litetezedwe bwino ku chinyezi.

Pamalo otsetsereka, monga ambiri a ku Blantyre ndi Zomba, pali njira ziwiri: kugumula phiri kuti papezeke bwalo lafulati, kapena kulola nyumba itsike ndi malowo m'masitepe. Yoyamba ndi imene ambiri amathamangira, koma imasiya chiphompho kuseri kwa nyumba chimene chimafuna khoma lochirikiza lokwera mtengo, lokhala ndi mabowo otulutsa madzi, ndipo ambiri salimanga. Yachiwiri imafuna wojambula pulani amene wafika pamalopo, osati wongotumiza pa WhatsApp, koma imasuntha dothi lochepa ndipo chipinda chilichonse chimapeza kuwala ndi mphepo. Pali malo ena amene njira zonse ziwiri sizigwira. Zimene zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa nthawi ya Freddy zinaonetsa kuti m'njira ya madzi ndi miyala yochokera kuphiri mulibe khoma lopirira, kaya la zidina kaya la konkire. Musanalipire puloti, pitaniko mvula ikugwa, muone kumene madzi akudzera, ndipo mufunse achikulire a m'deralo kuti chaka cha mvula yambiri madzi anafika pati.